Mcenga wa mu Lusitu ndi Ceza Cosaoneka

Munthu wocokera ku Lusaka kupita ku Siavonga m'mwezi wa October adziwa kuti wafika m'cigwa asanaone cikwangwani ciri conse. Makutu atseka potsika mapiri a Kapiringozi, pamene malole olemera ayenda mokwawa ngati kamba poopa kugwera kuphompho, ndipo mphepo yolowa pa zenera la basi isanduka yotentha ngati mpweya wa m'ng'anjo. Mitengo ya msuku ndi mombo itsala kumtunda. Kunsi kuno kuli milambe, mitengo ya tsanya yopanda ndi tsamba lomwe, ndi mbuzi zoyenda-yenda kufuna mthunzi. M'mbali mwa mseu amai agulitsa masau ouma ndi bwemba m'timbale.

Ndinatsika pa mphambano pamene mseu wa ku Siavonga upatuka pa wa ku Chirundu, cifukwa pafupi pomwepo pali cinthu cimene ndinafuna kuyamba kuona. Pa kacitunda kena pagona zipika za mitengo. Ukaziona patali uyesa ndi nkhuni zimene wina anadula naziiwala, pakuti makungwa ndi mfundo zake zioneka bwino lomwe, koma ukati ugwire cimodzi upeza kuti ndi mwala weni-weni. Malowa asungidwa ndi boma, ndipo kutengapo ngakhale kacidutswa ndi mlandu. Akatswiri a miyala anena kuti mitengo iyi inamera zaka zoposa mamiliyoni 150 zapitazo m'mbali mwa mitsinje ikulu-ikulu imene kulibenso lero. Inagwa, nikwiririka mu mcenga, ndipo m'kupita kwa nthawi mcengawo unalimba nusanduka mwala. Miyala yamcenga yotere aicha Karoo. Ndiyo yayala pansi pa cigwa ici ca Zambezi, ndiponso pansi pa cigwa ca Luangwa kwathu kum'mawa. Musaiwale mitengo imeneyi, awerengi, pakuti tidzabwererako.

Cimene cinandicotsa pakhomo ndi ici. Kwa zaka zambiri takhala tikumva kuti m'miyala ya cigwa ici muli yureniyamu, citsulo cija cimene maiko ena apangira magetsi ndi mabomba, ndi kuti tsiku lina kudzatsegulidwa mgodi. Nkhani zambiri zimakamba za nchito ndi ndalama. Ine ndinafuna kukaona malo amene mvula imatula zonse zimene yakokolola m'mapiri, ndiwo mcenga wa m'mitsinje, popeza m'menemo ndimo anthu a kuno amatunga madzi akumwa miyezi yambiri ya caka.

Kucokera pa mphambano kukafika pa ulalo wa Lusitu si patali. Mtsinje wa Lusitu utsika kucokera ku mapiri a kumadzulo, nudutsa pa miyala ya Karoo, nukathira mu Zambezi kunsi kwa damu la Kariba. M'dzinja umadzaza ndi kukokolola mitengo, koma tsiku limene ndinafikapo unali mseu waukulu wa mcenga woyera, wotentha kotero kuti unapsereza mapazi ngakhale ndinabvala nsapato. Apa ndi apo panali maenje, ena akuya kupitirira msinkhu wa munthu, ozingidwa ndi minga kuti ng'ombe zingagweremo. Pansi pa dzenje liri lonse panali timadzi todikha, ndipo pambali pake amai ndi atsikana anali kudikira ndi zigubu zao.

Ambiri mwa anthu a ku Lusitu makolo ao sanabadwire kuno. Pamene damu la Kariba linali kumangidwa, pakati pa 1955 ndi 1959, Atonga okwana 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa, ndipo pafupi-fupi 6,000 a Mfumu Chipepo anakwezedwa pa malole mu 1958 nadzatulidwa kuno. Malo anacepa, nthaka inatopa, ndipo lero makwawa akuya adya minda ndi njira. Motero mcenga umene uli mu mtsinjewu ndi minda ya anthu ndi mapiri ao, zonse zoperedwa pamodzi.

Pansi pa mtengo wa msangu, umene wokha unali ndi masamba m'cilimwe muno, ndinapeza mkulu wina wa imvi ali kuyang'anira mbuzi zake. Ndinayesa Citonga canga cocepa.

“Mwabuka buti?”

Iwo anaseka nati, “Mwana wanga, kambani canu comwe. Ine ndinakhala zaka zambiri ku Lusaka.”

Nditawauza cimene ndadzera, anandiloza pa muzu wa mtengo kuti ndikhale. Anati pa unyamata wao anagwirako nchito yonyamulira katundu anthu ofufuza miyala, amene magulu ao akhala akubwera ndi kupita m'cigwa muno kuyambira kale.

“Sitinali kukwera mapiri iai,” iwo anatero. “Tinali kuyenda m'makwawa. Pamene timitsinje tiwiri tikumana, tinali kukwera pang'ono m'kamodzi, kutapa matope osalala, kuwasefa, kuika m'kathumba ka pepala ndi kulembapo nambala. Ndiye kubwerera, kukwera m'kanzake, cimodzi-modzi. Mmodzi wa iwo anali ndi kabokosi kolira ngati nkhululu. Pa miyala yambiri kanali kulira kamodzi-kamodzi, koma pa miyala ina kanali kucita ngati mvula pa malata.”

“Nanga Atate, anakuuzani cimene anapeza m'matumbamo?”

“Matumba anakwera phiri, mwana wanga. Ife tinalandira malipiro athu.”

Nzeru ya nchito imeneyi ndi yapafupi. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo tingaonjeze kuti pobwera m'khwawamo sabwera cimanja-manja. Mvula igwa pa phiri lonse, niperesa mwala uli wonse pang'ono-pang'ono, nisonkhanitsa zoperekazo m'kamtsinje kamodzi. Tsono munthu wotapa matope odzaza manja pamathiriro a kamtsinjeko watapa cidule ca phiri lonse, ndipo safunika kugogoda mwala ndi mwala. Dziko lathu lino ndi limodzi la maiko amene njirayi inayesedwa poyamba pa dera lalikulu: akatswiri a ku Imperial College ku London, motsogozedwa ndi John Webb, anatapa matope a timitsinje ta dera la Namwala, ndipo mapu ao anasindikizidwa mu 1964. Iwo anali kufuna mkuwa ndi zitsulo zina. Lero matope omwewo amapimidwanso pofuna kudziwa cina, ndico kuculuka kwa ceza cimene anthu okhala m'mbali mwa mtsinje alandira.

Ceza cimeneci ndi cotani? Zinthu zonse zinapangidwa ndi timbewu tating'ono kwambiri tochedwa maatomu. Maatomu ambiri akhala cikhalire, koma alipo ena osakhazikika, amene tsiku lina amasweka okha popanda wowakhudza, ndipo posweka amaponya mphamvu. Mphamvu imeneyi ndiyo tiicha ceza, monga ticha ceza ca dzuwa, kusiyana kwake ndi kwakuti ici sicioneka, sicitentha pakhungu, ciribe fungo, ndipo lilime silicimva. Anayamba kucizindikira ndi Henri Becquerel wa ku France mu 1896, ataona kuti mcere wa yureniyamu unadetsa mbale yojambulira zithunzi imene inali yokulungidwa bwino mu mdima. M'nthaka, ceza cicokera maka-maka ku mabanja atatu: la yureniyamu, la toriyamu, ndi mtundu wina wa potaziyamu. Zimenezi sizinabwere ndi migodi. Zakhala m'dothi ciyambire dziko, ndipo zitha mocedwa koposa: mulu wa yureniyamu utenga zaka mabiliyoni anai ndi theka kuti theka lake lisweke, toriyamu zaka mabiliyoni 14. Yureniyamu ikasweka ibala ana ndi adzukulu, onse osakhazikika. Mmodzi wa iwo ndi rediyamu, amene theka lake litha pa zaka 1,600, ndipo rediyamu abala radoni, umene suli mwala koma mpweya.

Apa ndipemphe owerenga apirire ndi manambala pang'ono, cifukwa nkhani yonse yagona pa kuculuka kapena kucepa. Muyeso woyamba uchedwa bekerelo, potengera dzina la mkulu wa ku France uja: bekerelo imodzi itanthauza kuti atomu imodzi isweka pa sekondi iri yonse. Bungwe la United Nations loona za ceza, lochedwa UNSCEAR, linasonkhanitsa zopima za maiko ambiri, ndipo mu 2000 linaonetsa kuti kilogalamu imodzi ya dothi wamba ikhala ndi mabekerelo pafupi-fupi 35 a rediyamu, 30 a toriyamu ndi 400 a potaziyamu. Ili ndi dothi la m'munda mwanu momwe, limene mulima caka ndi caka. Ngakhale thupi la munthu wamkulu liri ndi mabekerelo oposa 4,000 a potaziyamu, amene tidya m'nyemba, m'nthoci ndi m'ndiwo zamasamba, ndipo popanda potaziyamu mtima sungagunde. Muyeso waciwiri ndi milisiveti, umene uonetsa ceza cimene thupi lalandira. Lipoti la bungwe lomwelo la 2008 linati munthu wamba pa dziko lapansi alandira mamilisiveti 2.4 pa caka kucokera ku cilengedwe, ndipo pafupi-fupi theka lake ndi la mpweya uja wa radoni. Tsono funso lakuti kodi mcenga uwu uli ndi ceza ndi lopanda pake, pakuti yankho lake ndi inde kuli konse. Funso leni-leni ndi lakuti muli cocuruka bwanji, ndipo cifika m'thupi kudzera njira iti.

Titaceza kwa nthawi, mkulu uja ananditengera pa gomo pamene mtsinje ukhota, nandionetsa mizere yakuda yopyapyala pakati pa mcenga woyera, yonga mizere ya mbidzi. Mtsinje ndi mai wodziwa kupeta. Zopepuka umapita nazo kutali, zolemera umazisiya pamene madzi afooka: m'kati mwa makhotero, kuseri kwa matanthwe, ndi m'maenje a pansi pa mathithi. Wambiri mwa mcenga wakudawu ndi citsulo cabe, comamatira ku maginito, ndipo ciribe bvuto. Koma pamodzi naco, m'madera amene miyala yake iri nato, pamagona timiyala tina tolemera tochedwa zirikoni ndi monazaiti, ndipo monazaiti ndiye nkhokwe ya toriyamu. Ndi cifukwa cake malo awiri a mtsinje umodzi, otalikirana mapazi makumi awiri okha, angapatse manambala osiyana kwambiri. Abale athu amene asefa golide m'mitsinje ya ku Rufunsa, Petauke ndi Vubwi acita ndi manja ao nchito yomweyi ya mtsinje, pakuti cotsala m'beseni pomaliza ndi mcenga wolemerawu. Ena amausunga m'matumba kuti adzausefenso. Malo a matumba otere ndi panja, osati kunsi kwa bedi.

Yureniyamu iri ndi khalidwe lina. Ikakumana ndi madzi amene ali ndi mpweya wabwino, monga madzi a mvula, isungunuka ngati mcere niyenda nao, ngakhale pansi pa nthaka. Koma madziwo akafika pamene pali masamba ndi mitengo yobvunda, pamene mpweya watha, yureniyamu igwa pansi nimamatira pomwepo. Ndiye m'mitsinje imakonda kuunjikana m'matope akuda a m'madambo ndi m'maiwe, osati mu mcenga woyera. Rediyamu nayenso amamatira ku dongo ndi ku dzimbiri lija lofiira limene limakuta miyala ya mu mtsinje. Apa ndipo tibwerera ku mitengo ya mwala ya pa mphambano ija. Zimene zicitika m'dambo lero zinacitikanso m'mitsinje yakale ya Karoo: madzi ocokera ku miyala ya kumtunda anayenda mu mcenga kwa zaka zosawerengeka, nasiya yureniyamu pali ponse pamene anapeza zomera zokwiririka. Mgodi umene anthu aufuna lero ndi matope a mtsinje wa makedzana amene anauma.

Yureniyamu ya m'cigwa muno inazindikirika koyamba mu 1957 kumadzulo kwa Siavonga. M'zaka za m'ma 1970 ndi kuciyambi kwa za m'ma 1980 kampani ya ku Italy yochedwa AGIP inabowola miyala m'malo ambiri, koma mtengo wa yureniyamu utagwa nchitoyo inaima. Inayambanso pambuyo pa 2000. Malo ochuka ndi Mutanga ndi Dibwe, kwa Mfumu Sinadambwe, ndi Njame ndi Gwabi kufupi ndi Chirundu. Kampani ya Denison ya ku Canada inapatsidwa cilolezo ca mgodi wa Mutanga mu 2010, mu 2016 malowo anapita m'manja mwa GoviEx, ndipo mu January 2025 kampaniyi inalengeza zotsatira za kafuku-fuku wake woonetsa m'mene mgodi ungayendere. Pamene ndinali kumeneko kukumba kunali kusanayambe. Mwala wa kumeneko uli ndi magalamu pafupi-fupi 300 a yureniyamu pa tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50, pamene mwala wamba ukhala ndi magalamu atatu. Kwa eni migodi mwala wotere ndi wosauka ndithu poyerekeza ndi wa ku maiko ena. Koma kwa munthu womwa madzi otuluka m'menemo, kuwirikiza ka 100 si nkhani yonyozera.

Sindikunena kuti mcenga wa mu Lusitu kapena wa mtsinje wina uli wonse wa m'cigwa uli ndi ciphe. Diso silingaweruze mlandu umenewu, ngakhale kabokosi kolira ngati nkhululu kaja sikakwanira. Opima amatenga matope, kuwaumitsa, kuwasefa, ndi kuwatsekera m'cikopo kwa milungu inai kuti radoni asathawe, ndipo pambuyo pake makina amawerenga ceza kwa maola ambiri nasiyanitsa ca rediyamu, ca toriyamu ndi ca potaziyamu. Akatero amaphatikiza manambala atatuwo kukhala imodzi: ya rediyamu monga iliri, ya toriyamu ataiculukitsa ndi 1.43, ndi ya potaziyamu ataiculukitsa ndi 0.077. Ana a sukulu ayese okha ndi manambala a dothi wamba aja, adzapeza pafupi-fupi 109. Malire amene akatswiri ambiri atsata pa mcenga ndi dothi lomangira nyumba ndi 370. Kupitirira apo, mcengawo ungapite ku mseu kapena ku ulalo, koma osati ku cipinda cogona.

Cifukwa cake ndi nthawi. Mwana woweta ng'ombe amene adutsa pa mcenga kawiri pa tsiku alandira ceza cocepa zedi. Koma mcenga womwewo ukalowa m'njerwa, m'pulasitala ndi pansi pa nyumba, banja ligona pakati pake usiku uli wonse kwa zaka makumi atatu. Ndipo pali radoni. Mpweyawu utuluka m'dothi ndi m'makoma, ndipo panja mphepo iumwaza msanga. M'cipinda cotseka uunjikana, nulowa m'mapapo, nusiya m'menemo timbewu topitiriza kuponya ceza. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linena kuti radoni ndiye waciwiri kwa fodya pa zoyambitsa khansa ya m'mapapo, ndi kuti pa odwala nthendayi 100 ali onse, pakati pa 3 ndi 14 adwala cifukwa ca iye, malinga ndi dziko. Kwa wokoka fodya ngoziyo ikula pafupi-fupi ka 25 kuposa kwa wosakoka. Ndinakumbuka zimenezi poona agogo ena akazi pa mudzi wapafupi ali kukoka kaliwo wao wa cikho, madzi ali kubwata m'kati mwake. Cinandiseketsa ndi cakuti nyumba yao yakale ya mitengo ndi udzu, imene mphepo ilowa uku nitulukira uko, iri bwino pa nkhani imeneyi kuposa nyumba yatsopano ya mdzukulu wao, ya njerwa ndi malata, imene mazenera ake anatsekedwa ndi zidina poopa akuba. Mankhwala a radoni ndi otsika mtengo: mazenera otseguka, timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma, ndi kumata ming'alu ya pansi.

Njira ya madzi ndiyo inandidetsa nkhawa koposa, cifukwa pano palibe angasankhe kusamwa. Bvuto lalikulu la yureniyamu ya m'madzi si ceza cake, koma kuti ndi citsulo colemera cimene cimaononga impso pang'ono-pang'ono. Mu 2011 bungwe la WHO linaika malire pa mamaikilogalamu 30 pa lita imodzi. Kunena mwa cimudzi, ndiye magalamu 30, osadzaza ndi kasupuni ka tiyi komwe, m'madiramu 5,000 a madzi. Madzi opitirira malire amenewa aoneka oyera, ndipo akoma ngati ena onse. Kuwiritsa sikucotsa yureniyamu, kwina kuionjezera mphamvu cifukwa madzi aphwa koma citsulo citsala. Klorini apha tizirombo cabe. Ndiponso citsime cobowola ndi makina, cimene tonse ticikhulupirira, cingakhale ndi yureniyamu yambiri kuposa dzenje la mu mcenga ngati cinalasa mwala umene uli nayo. Njira zina ndi fumbi limene tipuma, ndi dothi limene amai ena apakati amakonda kudya. Dothi lakuda la m'dambo la kufupi ndi miyala yotere si loyenera kulawa.

Komabe ndisakuopsezeni kopitirira. Ku Kerala, kum'mwera kwa India, kuli midzi ya asodzi yomangidwa pa mcenga wakuda wa monazaiti, kumene anthu alandira ceza coposa ca anzao kangapo konse. Madokotala anatsata anthu pafupi-fupi 70,000 a dera la Karunagappally kwa zaka khumi, ndipo mu 2009 analengeza kuti sanapeze kuti khansa yaculuka cifukwa ca cezaco. Izi sizitanthauza kuti ceza ndi cabwino. Zitanthauza kuti pa muyeso wocepa ngozi yake ndi yaing'ono, yocedwa, ndi yobvuta kuiona. Kuwerengera kumene akatswiri atsata pokonza malamulo ndi kwakuti anthu 100,000 akalandira milisiveti imodzi yoonjezera, pafupi-fupi asanu angadzafe ndi khansa m'tsogolo cifukwa ca iyo. Asanuwo ndi anthu, ali ndi ana ao. Koma mai amene angasiye dzenje la mu mcenga poopa ceza napita kukatunga m'thamanda la ng'ombe, kapena ku Zambezi kumene kuli ng'ona ndi likodzo, wathawa mvula nagwera mu mtsinje. Kutsegula m'mimba kupha ana ambiri caka ndi caka. Pitirizani kuwiritsa madzi ndi kuthira klorini monga acipatala anena.

Cimene mgodi usintha ndi ici. Mwala umene mvula ikanaupera m'zaka zikwi-zikwi, makina auphwanya pa tsiku limodzi. Njira imene yakonzedwa ku Mutanga ndi yokumba dzenje lalikulu, kuunjika miyala yophwanyidwa pa malo oyalidwa mwapadera, ndi kuithira asidi kuti yureniyamu isungunuke. Yureniyamu idzapita kunja kukagulitsidwa, koma rediyamu ndi abale ake atsala m'zinyalala, ndipo m'migodi yotere pafupi-fupi magawo 85 pa 100 a ceza ca mwalawo amatsala m'menemo. Zinyalalazo zikasungidwa bwino, mtsinje sudziwa kanthu. Zikapulumuka, njira yake ndi imodzi, ndiyo khwawa. Pa 16 July 1979, ku Church Rock m'dziko la America, damu la zinyalala za yureniyamu linagumuka, ndipo malita oposa mamiliyoni 300 a madzi a asidi anatsika mu mtsinje wa Puerco, umene monga Lusitu umakhala wouma miyezi yambiri, ndipo anthu a mtundu wa Navajo amwetsamo nkhosa zao. Ifenso taona zathu. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mkuwa linagumuka ku Chambishi, asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Pambuyo pa ngozi yotere, mkangano umakhala wakuti kodi zimene zapezeka m'matope zinalimo kale kapena zabwera ndi mgodi. Mlandu umenewu angaupambane ndi yekhayo amene ali ndi manambala a mtsinjewo a nthawi imene mgodi unali usanayambe.

Malamulo tiri nao. Lamulo la 2005 linakhazikitsa bungwe la Radiation Protection Authority, mu 2008 boma linaika malamulo apadera a kufufuza ndi kukumba yureniyamu, ndipo lamulo la 2011 linapatsa bungwe la ZEMA mphamvu yoona malipoti a zacilengedwe mgodi usanatsegulidwe. Muyeso wobvomerezeka pa maiko ndi wakuti nchito za anthu zisaonjezere munthu wamba ceza coposa milisiveti imodzi pa caka, ndipo wa pa nchito asapitirire 20. Makampani amapima madzi ndi matope, ndipo malipoti ao ali ndi manambala. Koma malipotiwo ndi mabuku onenepa a m'Cingerezi, ndipo mai wa pa dzenje la mu mcenga sadzawatsegula. Kuganiza kwanga ndi kwakuti nambala ya citsime ciri conse ndi khwawa liri lonse iyenera kufika kwa nyakwawa, ku cipatala capafupi ndi ku sukulu, yolembedwa m'cinenero ca eni ake, pamodzi ndi tsiku limene anapima ndi malire amene sayenera kupitirira. Kupimako kucitike kawiri pa caka, mvula itangotha ndi m'cilimwe ceni-ceni, cifukwa madzi akaphwa zosungunuka m'menemo zikula mphamvu. Ndipo pakhale wina wopima amene salipidwa ndi mwini mgodi. Zomwezi ziyenera anthu a ku Luangwa ndi kwina konse kumene ofufuza miyala afika ndi timatumba tao.

Dzuwa litapendeka tinabwerera ku maenje aja. Mai wina anatsikira pansi pa dzenje ndi cikho, nayamba wataya madzi amatope a pamwamba, nakhala pansi kudikira kuti ena atuluke mu mcenga. Anatuluka pang'ono-pang'ono, oyera ngati galasi. Cigubu ca malita 20 cinatenga nthawi yokwana kuphika nsima. Atadzaza, anatunga cikho cina nandipatsa mogwada, ndipo popeza mlendo sakana madzi, ndinamwa. Anali ozizira, onunkhira dothi pang'ono.

Mkulu uja anandiperekeza kufikira pa ulalo, mbuzi zake ziri patsogolo. Basi yocokera ku Siavonga itaonekera pa citunda, anandigwira dzanja.

“Mukakalemba, mwana wanga, mulembe kuti citsime cathu ciri kunsi kwa ulalo, pa mtengo wa msangu. Opima akadzabwera asadzasocere.”